Chigoli Chimene Kamera Inatsamwa Nacho

Pa Lirangwe panali mnyamata amene ana ankamulondola pamsika akukuwa kuti, "Bize, Bize, tijambule!" Dzina lake lenileni linali Gracian, koma kwa nthawi yaitali ndi amayi ake okha amene ankalikumbukira. Ngati inunso muli ndi dzina limene anthu anakupatsani tsiku limene munalephera, nkhaniyi ndi yanu.

Gracian anali wamanyazi kuyambira ali mwana. Mayeso a Folomu 4 sanamuyendere bwino, ndipo palibe amene anadabwa kapena kudandaula kwenikweni, chifukwa maso a banja lonse anali pa mkulu wake, Goodson. Bambo awo anali atamwalira kale. Goodson ndiye anali womwetsa zigoli wa timu ya Lirangwe, munthu woti akakhudza mpira azimayi ogulitsa nzimbe ankasiya malonda n'kuimirira.

Chaka chimenecho amalume awo anabwera kuchokera ku Joni ndi kamera yakale koma yabwino, ya lenzi yaitali. Anaipereka kwa Gracian, nati mwina mwana wosalankhulayu azilankhulira m'menemo. Kamerayo inabwera yopanda memore khadi, kachipangizo kosungira zithunzi.

Gracian anapita kwa Zakeyo, amene ali ndi kanyumba pamsika koikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Anafunsa funso limene aliyense wa kwathu kuno amafunsa pogula memore: yaikulu ndi iti? Zakeyo anatulutsa kamemore ka mufoni, kochepa ngati chikhadabo, n'kukalowetsa m'kachikuto kapulasitiki kuti kakwane mu kamera.

"Iyi, achimwene, mujambula Lirangwe yense mpaka ku Mdeka, osadzaza," anatero.

Sananame. Memoreyo sinadzazepo. Inagwira ntchito pa maukwati, pa zinkhoswe, pa kwaya za kumpingo, malo amene anthu amaima chilili, kukonza kolala, n'kudikira kuti uwajambule.

Kenako kunabwera fainolo.

Bwana wina wamalonda anaika chikho cha matimu a m'midzi, ndipo Lirangwe inafika kumapeto kukakumana ndi timu ya ku Chileka, pabwalo la ku Chileka komweko. Mbiri inamveka kuti kochi wa timu ina yaikulu ya m'tauni abwera kudzaona Goodson. Sanali mabodza. Anabweradi, anaimika galimoto pansi pa mtengo, n'kukhala pampando ndi magalasi akuda.

Sabata imeneyo Gracian anali atatulukira chinthu chatsopano. Ukasintha pena pake n'kukanikiza batani osachotsa chala, kamera imajambula motsatizana, tcha-tcha-tcha-tcha, ngati makina osokera. Anaitcheranso kuti izitulutsa zithunzi zikuluzikulu zedi, chifukwa ankafuna chithunzi cha mkulu wake chidzakwane khoma lonse la pabalaza. Anakaima kuseri kwa golo la Chileka.

Mpira uli pafupi kutha, Chileka ili patsogolo ndi chigoli chimodzi, Goodson analandira mpira pakati pa bwalo. Gracian, chimwemwe chitamukwera, anakanikiza batani pomwepo. Tcha-tcha-tcha. Goodson anadutsa wina. Tcha-tcha-tcha. Anadutsa winanso, amene anagwa chagada. Kenako kulira kwa kamera kunayamba kufooka. Tcha. Tcha. Zii. Kagetsi kofiira kanayaka kumbuyo kwake.

Gracian anatsitsa kamera kuti aone chavuta n'chiyani. Nthawi yomweyo Goodson anaumenya. Mpira unawomba mtengo wapamwamba wa golo, unagwera pansi mkati, kuseri kwa mzere wa phulusa, n'kunjanjira kunja m'manja mwa goloboyi. Gracian anaona zonsezi ndi maso ake, ali pafupi kuposa munthu wina aliyense.

Woimbira anati sichinalowe.

Anthu anathamangira m'bwalo. Pakati pa phokosolo wina anakumbukira kuti kuseri kwa golo kuli kamera, ndipo woimbira, atapanikizika, anati ngati chithunzi chilipo amuonetse, asintha chigamulo. Khamu lonse linakhamukira kwa Gracian. Goodson anafika akupuma mwawefuwefu, thukuta lili chuchuchu, n'kumukoleka mkono paphewa pamaso pa anthu onse, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Aonetse, mphwanga," anatero.

Gracian anakanikiza batani loonetsera zithunzi. Pa sikirini panangobwera mawu amodzi a Chingerezi, onena kuti kamera ili bize, yatanganidwa. Wina anawawerenga mokweza, anthu ena n'kuseka. Anadikira, kagetsi kofiira kakuphethira. Zithunzi zitabwera, zinali zokongola kwambiri: Goodson pakati pa bwalo, Goodson akuthamanga, wotchinga kumbuyo akugwa, Goodson akukweza mwendo. Chithunzi chotsatira chinali cha udzu ndi nsapato za Gracian. Pakati pake panalibe kanthu.

Mkono uja unachoka paphewa.

Sizikudziwika amene anayamba kunena kuti wafufuta. Ena anakumbutsa kuti mnyamatayu amajambula maukwati ku Chileka, ena kuti anamuona akupatsana moni ndi bwana wa chikho uja. Ndewu inabuka. Goodson anakankha woimbira mpaka kugwa, ndipo pamene fumbi linkatsika, galimoto ya pansi pa mtengo ija inali itapita. Akuluakulu a mpira anamuletsa Goodson kusewera mipikisano ya m'boma lonse. Pa lole yobwerera ku Lirangwe panasowa malo a munthu mmodzi yekha, Gracian.

Kunyumba Gracian anayesa kufotokoza kuti chigoli chinalowadi, kuti kamera ndi imene inaima. Goodson anamumvetsera mpaka kumaliza.

"Ine ndinaimva ikulira kuseri kwa golo," anatero. "Ndinaimva ndi makutu angawa ndikuthamanga. Ndiye usandiuze kuti chithunzi palibe."

Amenewo anali mawu omaliza amene anamulankhula kwa zaka. Anakwatira, anapita kukakhala kwa akazi ake, n'kuyamba kabaza wa njinga yamoto. Ankamudutsa Gracian pamsewu ngati akudutsa chitsa. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Amene anapeka mawuwa anaiwala kunena kuti fupa limathyoka.

Maukwati anasiya kumuitana. Akwaya anapeza wina wojambula ndi foni. Gracian anakulunga kamera m'chitenje chakale, n'kuikankhira pansi pa bedi. Chimene chinkamupweteka kwambiri sichinali chipongwe cha ana. Chinali chakuti iye mwini sankadziwa chinachitika n'chiyani. Pena ankaganiza kuti a ku Chileka anaikhwimira kamerayo. Pena ankaganiza kuti chala chake chinachita mantha n'kuchoka pabatani iye osazindikira. Munthu wosadziwa chimene chinamugwetsa amayamba kukhulupirira zimene anthu akumunenera.

Anapeza ganyu pachigayo. Ntchito yake inali yothira chimanga pamwamba ndi kusesa, ndipo anaikonda chifukwa pachigayo palibe amene amayembekezera kuti ulankhule.

Tsiku lina kunabwera mayi wofulumira, wa maliro kwawo. Gracian atatembenuka, mayiyo anakhuthulira thumba lonse m'chigayo kamodzi. Chigayo chinayamba bwino, kenako kulira kwake kunalemera, kunafooka, n'kuzima. Mwini chigayo anatuluka akukalipa kuti chatsamwa, kuti ufa umatuluka pa sefa pang'onopang'ono, ndiye ukathira mothamanga kuposa mmene ukutulukira, m'kati mumadzaza, makina n'kuima.

Gracian anaima ndi tsache m'manja. Kulira kumene kuja ankakudziwa. Kunali kumulira m'mutu kuyambira tsiku la fainolo.

Ataweruka anasolola kamera pansi pa bedi, anaitchaja, n'kuiloza pa nkhuku za amayi ake. Anakanikiza batani osachotsa chala. Inathamanga, inafooka, inaima, kagetsi kofiira n'kuyaka. Anadikira, anayesanso. Chimodzimodzi. Anayesa mpaka nkhuku zinathawira kumunda. Panalibe mankhwala a ku Chileka. Chala chake sichinalakwe mwa mantha. Kamera inkameza zithunzi mofulumira kuposa mmene zinkatulukira kupita kosungira.

Anathamangira kukauza amayi ake. Iwo anamumvetsera akusankha nyemba.

"Mwana wanga, za makinazo ine sindizidziwa," anatero. "Koma mkulu wako usakamuuze kuti chigoli chake chinathera m'chigayo. Akumenya."

Choncho choonadi anachipeza, koma analibe wochiuza.

Chimene sankadziwabe n'chakuti sefa ya kamerayo ili pati. Anachidziwa pa ukwati wina wa kumpingo kwawo, pamene eni ake anaitana mayi Connie, wojambula wodziwika wa ku Chileka. Gracian anakhala tsiku lonse chapatali, kamera ili m'chikwama, akukonza mawu m'mutu n'kuwataya. Anthu atayamba kubalalika ndi pamene analimba mtima. Anayamba n'kupepesa, anapepesanso, mpaka mayiwo anamuuza kuti asiye kupepesa anene chimene akufuna.

Anafotokoza. Mayi Connie sanayang'ane n'komwe lenzi. Anatsegula kachitseko ka m'mbali, anatulutsa memore, n'kusolola kamemore ka foni m'chikuto chake chija.

"Iyi ndi ya nyimbo, achimwene," anatero. "Munagula nkhokwe yaikulu ya khomo lolowa nkhuku."

Anamufotokozera atakhala pakhonde la tchalitchi. Kamera ikamajambula motsatizana, imayamba yasunga zithunzi m'kathumba kakang'ono ka m'kati mwake, kenako n'kumazitsanulira mu memore. Memore ikakhala yochedwa kulandira, kathumbako kamadzaza, ndipo kamera imakana kujambula mpaka malo atapezeka. Zithunzi zikakhala zikuluzikulu, kamadzaza msanga. Memore ili ndi zinthu ziwiri, kukula ndi liwiro, koma anthu amafunsa kukula kokha. Liwiro limalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono. Anamuonetsa pa yawo pamene panalembedwa V30, nati ya mpira isatsike pamenepo. Pa ya Gracian panalibe chilichonse chotero.

Kenako analowetsa memore yawo mu kamera yake, n'kumuuza kuti ajambule ana amene ankathamangitsana pabwalo. Gracian anakanikiza. Kamera inathamanga. Inafika paja inkafookera, inapitirira. Atachotsa chala, kagetsi kofiira kanangophethira pang'ono n'kuzima.

Mukuganiza kuti anasangalala? Unamugwira ndi mkwiyo. Kochi wa magalasi akuda uja, dzina la mkulu wake, dzina lake, zonse zinapita chifukwa cha kanthu kokwana pa chikhadabo.

Mayi Connie anamuyang'ana, n'kuwonjezera kuti asanamizire memore yokha. Ngakhale yothamanga imatsamwa ngati munthu ayamba kujambula wosewera akadali pakati pa bwalo. Anati chala chiyenera kuphunzira kudikira.

M'mawa mwake Gracian anakaika kamemore kaja patebulo la Zakeyo. Zakeyo anakayang'ana, anamuyang'ana iye.

"Munafunsa yaikulu," anatero. "Ndinakunamizani?"

Gracian anakatola n'kubwerera kuchigayo.

Kuyambira pamenepo moyo wake unagawika pawiri. M'kati mwa sabata anali woyera mbuu ndi ufa. Loweruka ankanyamulira mayi Connie chikwama, kuwagwirira ambulera, kuona mmene amaimira. Patapita miyezi anakwera minibasi kupita m'tauni kukagula memore yeniyeni. Mayiwo anali atamuchenjeza kuti zina timalemba tija timanama, choncho anaiyesa ali m'sitolo momwemo, akujambula maminibasi odutsa pakhomo, mpaka mwini sitolo anamufunsa ngati wabwera kudzagula kapena kudzawerenga magalimoto.

Ndiye anayamba kuphunzitsa chala. Ankaima m'mbali mwa msewu waukulu pa Lirangwe n'kumajambula akabaza, malole, mbuzi zodumpha ngalande. Akabaza ankamukuwiza dzina lija, iye n'kumangojambula. Ankapita kukaonera ntchemberembaye ya atsikana a sekondale, komwe mpira umasintha manja mofulumira kuposa maso. Anaphunzira kuti womenya mpira amayamba wakhazika phazi lina pansi, ndipo pamenepo, osati kale, ndi pokanikizira. Anaphunzira kujambula mwaduleduleni, kusiya, kupatsa kamera mpata wopuma. Anaphunzira kuchepetsa kukula kwa zithunzi pamene liwiro likufunika kuposa khoma la pabalaza.

Zambiri mwa zithunzizo zinali zoipa, ndipo ankazifufuta yekha, akuseka mowawa kuti tsopano ndiye wayambadi kufufuta.

Mayi Connie anayamba kumutumiza ku mipira imene iwo analibe nayo nthawi. Zithunzi zake zinayamba kuyenda m'mafoni. Chimodzi, cha goloboyi ali m'malere, zala zikukhudza mpira, chinatuluka m'nyuzipepala dzina lake lili pansi. Kenako timu ina ya m'tauni inamutenga kuti azijambula masewero ake onse. Anasiya chigayo. Anafolera nyumba ya amayi ake ndi malata.

Pa Lirangwe milomo yomwe ija inayamba kunena kuti mwana wathu, tinamuona kale kuti adzapita patali. Zakeyo ankauza makasitomala kuti memore yoyamba ya Gracian anagula kwa iye. Gracian ankangoyankha moni. Munthu mmodzi yekha amene ankafuna kuti amuime pamsewu anapitiriza kudutsa.

Chikho chija chinapitirira chaka ndi chaka, ndipo tsiku linafika pamene Lirangwe inakumananso ndi Chileka mu fainolo, pabwalo lomwe lija. Goodson, amene tsopano anali ndi kamimba ndi bondo lovuta, ndiye anali kochi wa anyamata a Lirangwe. Okonza mpikisano anaitana Gracian kuti adzajambule. Amayi ake anamupempha kuti asapite. Anapita.

Chigawo chachiwiri chili mkati, Lirangwe inapeza kona. Mpira unagwera pakati pa miyendo yambirimbiri, wina anaukankha, ukugubuduzika kulowa, wotchinga kumbuyo wa Chileka n'kuukokolola. A Lirangwe analumpha kuti chalowa. Woimbira anazengereza, akuyang'ana khamu limene linali litayamba kale kudumpha chingwe. Zinkaoneka kuti achipereka chigolicho, kungoti apulumuke.

Pamenepo wina anakuwa kuti a VAR, kamera ija yothandiza woimbira pa mipira ya pa kanema, ali apa, ndipo mitu yonse inatembenukira kuseri kwa golo.

Gracian anali ataona kale. Ulendo uno chala chinadikira, memore inalandira, ndipo palibe chithunzi chinasowa. Mpira unafika pa mzere, unakhala pa phulusa, theka mkati theka kunja, phazi n'kuubweza. Sunalowe.

Anali ndi mpata. Akanatha kunena mawu amodzi, aja ana ankamuimbira. Anthu akanaseka, woimbira akanapereka chigoli, ndipo kwa nthawi yoyamba akanabwerera ku Lirangwe pa lole, pakati pa nyimbo. Anayang'ana kumene kunali mkulu wake. Kenako anatembenuzira sikirini kwa woimbira.

Zimene zinatsatira ankazidziwa. Makoko a nzimbe anayamba kumugwera. Wina anati Bize wayambiranso, wina anati njoka ndi njoka. Amene ankamutcha mwana wathu ndi amene anali patsogolo.

Goodson anabwera akukankha anthu, akutsimphina. Anatambasula dzanja, Gracian n'kumupatsa kamera. Anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, kupitanso kutsogolo. Anakhalitsa pa chithunzi cha mpira uli pa phulusa. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana mng'ono wake, khoko la nzimbe lili paphewa. Munthu amene wakana kubisa chithunzi chomubweretsera miyala, akanafufuta bwanji chimene chikanamukweza pamapewa?

"Sichinalowe," anatero Goodson kwa anyamata ake. "Bwererani m'bwalo."

Lirangwe inagonja tsiku limenelo.

Gracian sanayese n'komwe kuyandikira lole. Anamangirira chikwama n'kuyamba kuyenda kupita kokwerera minibasi. Njinga yamoto inabwera kumbuyo kwake, ndipo mwachizolowezi anapatukira m'mbali kuti idutse. Inaima.

"Kwera," anatero Goodson.

Anayenda mtunda wautali, fumbi likuwatsatira. Atafika pamalo otsetsereka, Goodson anachepetsa moto, n'kufunsa osatembenuka.

"Tsiku lija, chinalowa?"

"Chinalowa, achimwene. Chonse. Ndinachiona ndi maso."

Goodson anagwedeza mutu kangapo. Anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete, nati fumbi la ku Chileka n'loipa. Patapita kanthawi anati, "Gwiritsa kamerayo, Gracian. Kutsogoloku kuli mabampu."

Sindikunamizani kuti zonse zinakonzeka. Chigoli chija sichinalembedwe paliponse. Kochi wa magalasi akuda sanabwerere. Goodson akuyendetsabe kabaza, ndipo pamsika pa Lirangwe alipo mpaka lero amene amati Gracian anagulitsa mudzi kawiri. Madzi akatayika saoleka, ndipo zaka zimene abale awiriwa anadutsana pamsewu palibe adzawabwezere.

Koma inu amene mwakulunga kamera yanu m'chitenje n'kuikankhira pansi pa bedi, kaitulutseni. Mwina si inu opanda pake. Mwina pali kakhomo kakang'ono pena pake kamene simunauzidwe kuti muzikafunsa. Kafufuzeni mpaka mukapeze, funsani ngakhale manyazi akukugwirani, ndipo chala chanu chiphunzitseni kudikira. Anthu adzakutayani msanga, ndi dzina lachipongwe pamwamba. Inu musawathandize ntchitoyo. Mtima wanu wokha, musautaye.